Kumezanitsa

Juni wafika ndi mano ake.
Nkhungu yatsika m'phiri la Kanjala
n'kudzagona pa kapinga ngati galu wokalamba,
ndipo ine, zala zitauma gwa,
ndayamba kudulira maluwa a rozi.
Dula pamwamba pa diso loyang'ana kunja,
ankatero a Yotamu pondiphunzitsa,
kuti mtengo usamadzibaye wokha.

Munda uno unabadwa bambo anga asanabadwe.
Pa geti pali chitsulo chadzimbiri
cholembedwa dzina la mzungu wa fodya
amene amati ndiye anaudzala.
Koma ndikakumba m'mbali mwa mpanda
ndimafukula zidutswa za makasu,
batani la malaya, kamphika kosweka,
zonse zopanda dzina.

Ogasiti ndi mphepo yokhayokha.
Fumbi la ku Kapata limakwera mtunda
kudzakhala pa masamba ngati lalipira lendi.
Ndimafunditsa mizu ndi udzu wouma,
ndimathira phulusa pamene nyerere zamanga msika.

Kenaka Okutobala.
Chitsime chathawira pansi,
chingwe ndalumikiza kawiri.
Madzi ndimagawa ngati mchere wobwereka:
keni imodzi kwa rozi, theka kwa mapeyala,
wamphamvu adikire mawa.
Jakaranda yekha, wopanda manyazi,
wavala chitenje chatsopano
pamene tonse tikupsa.

Kuseri kwa nyumba kuli mlalanje
umene a Yotamu ankaupatsa moni m'mawa.
Chiswe chaulowa kuyambira kuphazi.
Ndikaugogoda umayankha ngati ng'oma.
Chaka chino wabereka malalanje asanu ndi anayi,
ang'onoang'ono, okhakhala khungu,
koma kutsekemera kwake
simungakupeze pa msika uliwonse mpaka ku Katete.

Amayi Dailesi a ku ofesi anabwera ndi pepala.
Udulidwe, anatero, ungagwere munthu,
komanso alendo a maukwati
akusowa poimika magalimoto.
Sananame. Ine sindinatsutse.
Madzulo ake ndinanola mpeni wa a Yotamu,
uja unatha mimba ndi kunoledwa,
ndinasankha kanthambi kamene kanali ndi moyo,
ndinasenda diso limodzi, laling'ono ngati njere ya mpunga,
n'kulilowetsa pansi pa khungwa la kamndimu
kamene ndinafesa m'jumbo ya shuga kuseri kwa shedi.
Ndinamanga bala ndi pulasitiki ya buledi.
Manja ankanjenjemera.
Mwa maso asanu amene ndinaika, anayi anada.

Anaugwetsa Lachitatu, mabingu akulira cha ku Mwami.
Ndinagwada pa chitsa kuti ndiwerenge zaka zake,
koma chiswe chinali chitadya zapakati zonse,
zaka za mzungu, za a Yotamu,
n'kungosiya mphete yopyapyala ya zaka zanga.
Usiku womwewo mvula inagwa,
dothi linanunkhira,
inswa zinadzaza pa nyale ya mlonda.

Dzinja silipatsa munthu mpata wolira.
Upalira lero, mawa udzu wakutsata kumbuyo.
Nkhono zikudya nazale,
ngalande yatsekeka ndi masamba a mango,
mpanda wakula tsitsi ngati mwana wamasiye.
Ndinatha milungu iwiri osapita kuseri kwa shedi,
mwina chifukwa cha ntchito, mwina mantha.

Anandiitana ndi Tisauke,
mtsikana amene wayamba kuphunzira khasu chaka chino.
Bwerani mudzaone!
Diso lachisanu latsegula.
Timasamba titatu, tonyezimira, tofewa ngati khutu la khanda,
pa thupi la mndimu wowawasa.

Watenga kachitsulo ndi msomali.
Akuti, tilembepo dzina la yani?
Ndayang'ana geti, ndayang'ana chitsa,
pamene tsopano paima galimoto yomangidwa maliboni.
Ndati lemba tsiku lokha,
ndipo uchotse mphukira zapansizo,
mndimu ungaiwale kuti wabereka mlendo kumsana.